Manda Okhota a Likongwe

Padangokhala, kale nyama zisanaleke kuikana m'manda, panali midzi iwiri yoyandikana, wina wa Anjiri, wina wa Anguluwe. Midzi imeneyi inali pachidzukulu kuyambira makolo. Mukudziwa inu kuti munthu sakumba manda a mbale wake. Choncho maliro akagwa kwa Anjiri, osambitsa mtembo, okumba ndi onyamula ankachokera kwa Anguluwe, ndipo akagwa kwa Anguluwe makasu ankachokera kwa Anjiri. Manda awo anali amodzi, pakati pa midzi iwiriyo.

Kenaka kunabuka nkhondo. Mukandifunsa chimene analimbirana ndichita manyazi kunena, chifukwa unali mpama umodzi wa m'malire, umene pomwe mafumu ankatukwanirana n'kuti chiswe chitaudya kale. Koma mawu akatuluka sabwerera m'kamwa. Mudzi uliwonse unamanga linga, ndipo mfumu iliyonse inalumbira kuti wa tsidya linalo akadzaponda pakhomo pake adzalandiridwa ndi mkondo.

Anthu atayamba kufa m'pamene mafumu anakumbukira kuti adzukulu awo ndi omwe aja akuwalasawo. Apa Fisi anatulukira, misozi ili mbwembwembwe, nanena kuti iye alibe chibale ndi wina aliyense, ndipo chifukwa cha chisoni chabe adzipereka kukhala mdzukulu wa midzi yonse iwiri. Ankabwera ndi mphasa yake, n'kukulunga mtembo, n'kupita nawo yekha. Manda a Fisi palibe anawaonapo, koma aliyense ankaona kuti chaka chimenecho mkuluyu ananenepa mpaka khosi kusowa. Mafumu ankayang'ana kumbali, ndipo azimayi ankalirira m'nsalu kuopa kutchedwa ofooketsa ankhondo.

Panali mayi mmodzi yekha amene ankalowa m'malinga onse awiri. Ameneyu anali Likongwe, ndipo ntchito yake inali yochotsa anthu nkhupakupa. Nkhupakupa sidziwa nkhondo, imaluma mfumu ndi kapolo yemwe, ndiye mbali zonse ziwiri zinkamutukwana kuti ndi mthirakuwiri, kwinaku zikumugonera chagada kuti azichotse za kumimba. Bodza ankalidziwa mayi ameneyu monga ena amadziwira kuumba mbiya. Sindikumuyikira kumbuyo, koma nkhondo itavuta bodza lake linadyetsa ana ambiri. Anauzapo mfumu ya Anguluwe kuti nkhokwe yake yalowa anankafumbwe oyambitsa dazi, mfumu n'kumupempha kuti akataye chimangacho kutali, iye n'kukachitayira m'miphika ya ana amasiye a Anjiri. Mwezi wotsatira dazi lomwelo linaopseza mfumu ya Anjiri, ndipo anadya anali ana a Anguluwe.

Kwa Anjiri kunali mayi wamasiye dzina lake Nagama, amene anali ndi mwana mmodzi yekha, Kamtedza. Kamtedza sanali wankhondo. Ntchito imene anadzipatsa inali yotungira madzi nkhalamba zimene zinkaopa kutuluka m'linga, ndipo mkondo unamupeza kuchitsime, mtsuko uli pamutu. Mayi ake anafika Fisi asanamve fungo. Anamubereka kumbuyo monga ankachitira ali khanda, miyendo ikukwakwa pansi, nakamugoneka m'nyumba, iye n'kukhala pakhomo.

Fisi anabwera ndi mphasa yake ndi misozi yake, koma Nagama sanasunthe. Nkhani inafika kwa mfumu, ndipo mfumu inati mayiyo asachititse mudzi manyazi, popeza ana a anzake onse anapita ndi Fisi. Nagama anayankha kuti ana a anzakewo anawalira nawo, koma wakeyu akufuna malo amene azidzapita kukasesa. Mfumu inaseka pang'ono, n'kugamula kuti ikumupatsa mpaka mkuja dzuwa likafika paliwombo. Adzukulu akabwera, aike mwana wake. Akapanda kubwera, Fisi atenge. Inkadziwa kuti Njiri aliyense sangagwire khasu pamanda a Njiri mnzake, ndiponso kuti Nguluwe sangabwere.

Nagama anayamba nyimbo pakhomo pomwepo. Inali nyimbo yaifupi, yofunsa amene adzamangire mwana wake nyumba, popeza mwanayo ankaopa mphepo, ndipo pothera pake inkatchula dzina la Kamtedza kawiri. Azimayi anzake ankafuna kuvomera, koma ankaopa, ndiye ankangong'ung'udza milomo ili chitsekere.

Likongwe anaimva nyimboyo ali pamsana pa nduna ina, ndipo anasiya nkhupakupa ili pakati. Atalowa m'nyumba anapeza nkhupakupa za Kamtedza zitayamba kale kutsika zokha, chifukwa izo sizikhala pa munthu wozizira. Mtima unamupweteka kwambiri.

"Make Kamtedza," anatero, "mwana uyu ndinamuchotsa nkhupakupa yoyamba kuseri kwa khutu asanamere mano. Salowa m'mimba mwa Fisi."

"Uchita bwanji iwe, ndi kathupi kakoka?"

"Thupi ndi laling'onodi. Koma pakamwa mpabwinobwino."

Tsono panali mwambo wakuti uthenga wa maliro ukalowa m'khutu la mdzukulu, iye sangakane, ngakhale womwalirayo akhale amene anamubera mkazi. Likongwe anawerengera mwambo umenewu. Anathamangira kwa Anguluwe, napeza mfumu ili pabwalo ndi anthu ake onse, adzukulu ali pomwepo. Anagwada, naomba m'manja, napereka moni wautali wofunsa za ana, za nkhuku ndi za msana wa amfumu. Onse anamvetsera bwinobwino. Koma atangoti, "Gogo Chalo, uko ndachokeraku kwa—" ng'oma inalira.

Anguluwe nawo si ana. Mwambowo ankaudziwa, ndipo mphekesera zakuti kwa Anjiri kuli mayi wokakamira mtembo zinali zitafika kale. Anaika woimba ng'oma pafupi ndi mfumu, ntchito yake kuyang'ana milomo ya Likongwe basi. Likongwe anadikira ng'oma itonthole, nayamba nkhani ya mvula, n'kukhotera mwadzidzidzi ku maliro, koma ng'oma inamupezerera. Anayesa kubisa uthengawo m'kati mwa chifuwa, ng'oma inatsokomola naye limodzi. Anayesa kuuimba, anthu n'kuyamba kuvina. Dzuwa linapendeka mayiyo atasasa mawu, ndipo mfumu inamuthokoza chifukwa chosangalatsa mudzi.

Pobwerera anamva nyimbo ya Nagama asanalowe m'linga. Mawu ake anali omwe aja, ofunsa womangira mwana nyumba, koma tsopano panali mayi mmodzi wokalamba amene ankavomera poyera, popeza iye analibenso chimene mfumu ikanamulanda. Fisi anali atakhala patali pang'ono, mphasa ili pamiyendo, akupukusa mutu ngati wachisoni.

Kutacha Likongwe anaganiza zosiya bwalo n'kulunjika munthu mmodzi. Mkulu wa adzukulu kwa Anguluwe anali nkhalamba ina dzina lake Chipwaila, katswiri amene manda ake ankawongoka ngati khoma la nyumba. Likongwe anamupeza pakhonde, namulozera kuti khutu lake ladzaza nkhupakupa. Nkhalambayo inagona chammbali. Likongwe anachotsa imodzi, nachotsa yachiwiri, kenaka analowetsa kamwa m'khutu muja n'kunong'oneza uthenga wonse, dzina la womwalira, dzina la mayi ake ndi tsiku loika. Anabwereza kawiri kuti pasakhale chokana.

"Ukundinyerenyetsa," anatero Chipwaila mokweza ngati akulankhula ndi munthu wa kutsidya kwa mtsinje.

Likongwe atasuzumira anapeza khutu lonse litamatidwa phula, linalo chimodzimodzi.

Chipwaila anadzuka, nati asavutike, chimene wabwerera akuchidziwa, koma kudziwa si kumva, ndipo mwambo umanena za khutu. Kenaka, pokhala munthu wosadzimva yekha, analankhula mokweza zinthu zimene ena amanena chapansipansi. Anati mwezi wathawu Anjiri analasa mwana wake Gwedeza. Iye, amene wakumbira anthu manda kuyambira ndevu zisanamere, anaima chilili kuonerera Fisi akukulunga mwana wake m'mphasa. Mkazi wake Nasoko mpaka tsikulo anali asanalire, chifukwa analibe poti akalirire, ndipo pophika ankapatulabe gawo la Gwedeza n'kulivundikira.

"Ine anandikumbira ndani?" anafunsa. "Ukawafunse amene akutumawo."

Likongwe anatembenukira kubwalo, poti chilichonse chimene akananena chikanathera pa phula. Anangoona Nasoko akudutsa ndi mbale yovundikira, nkhope ili gwa. Ali chikhalire choncho, Chipwaila anaimirira pakati pa chisoni chakecho, napita pa mpanda wa nkhokwe, nazula mtengo umodzi umene unapendama pang'ono, nauzikanso mowongoka, n'kubwerera kudzakhala. Likongwe anamuyang'ana nthawi yaitali. Atatsanzika anafunsa mnansi wina kuti nkhalambayo imayenda kuti masiku ano, ndipo anamuuza kuti m'mawa uliwonse imapita kumanda kukasesa mitumbira ya eni ake, poti wa mwana wake kulibe.

Madzulo a tsiku lachiwirilo nyimbo ya Nagama inali itatsala mpweya wokha. Funso la nyumba linkamveka kwa amene ali pafupi, koma dzina la Kamtedza ankalitchula ndi azimayi anzake, amene tsopano anali asanu, atakhala momuzungulira. Likongwe anapita kukadula bango, nalowa nalo m'nyumba, naliyeza pa mtembo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kudula potsalapo. Limeneli ndi bango la muyeso, limene adzukulu amalembera manda.

Nagama anamufunsa ngati adzukulu avomera. Likongwe anati ayi, akakumba yekha, popeza iye si Njiri. Nagama anamugwira dzanja, nati Mulungu amudalitse, koma ndi timanja timeneto manda adzatha chaka chamawa.

"Sindikufuna kuwamaliza," anatero Likongwe. "Ndikufuna kuwayamba moipa."

M'mawa wa tsiku lachitatu Chipwaila anafika kumanda ndi tsache lake, napeza Likongwe ali kale pomwepo ndi bango ndi khasu lobwereka, lalitali kuposa mwini wake. Nkhalambayo inakhudza makutu ake kuona ngati phula lilipo, n'kuyamba kusesa chakutali.

Likongwe sanamuyang'ane n'komwe. Anagoneka bango pansi, mutu kuloza kumene makolo onse analozetsa miyendo. Anabwerera m'mbuyo, naliyang'ana mokhutira, n'kuyamba kulemba mzere. Mzerewo unayamba bwino, kenaka unakhota ngati chikwakwa. Chipwaila anatsokomola, natembenuka kupereka msana.

Likongwe anayamba kukumba. Khasu analigwirira pakhosi penipeni, dothi n'kumaliponya m'mwamba, theka likugwera pamutu pake, theka likubwerera m'dzenje momwemo. Tsache la Chipwaila linayamba kusesa malo amodzi.

"Mutu suloza uko," anatero mokweza, akuyang'ana mtengo.

Likongwe anaomba m'manja kuthokoza, natola bango, nalitembenuza, n'kuligoneka chopingasa, kotero kuti womwalirayo akanagona miyendo ili pa mtumbira wa mnzake. Kenaka anapitiriza kukumba, akuimba kanyimbo ka kumunda.

"Kumanda saimba za kumunda," Chipwaila anauzanso mtengo uja. "Ndipo dothi la pamwamba amaika padera, la pansi padera. Mwana wakhanda amadziwa zimenezi."

Likongwe anavomera ndi mutu, nasakaniza dothi lonse pamodzi ndi mapazi, n'kulikankhira pa mtumbira umene nkhalambayo inali itangosesa kumene. Atatero anayeza kadzenje kake ndi bango, napeza kuti bango latalika. Anakanda mutu, nayang'ana dzenje, nayang'ana bango, kenaka analiika pabondo kuti alithyole lifanane ndi dzenjelo.

Apa ndiye panathera kupirira kwa Chipwaila. Anataya tsache, nafika ndi liwiro limene palibe ankadziwa kuti akadali nalo, n'kutsomphola bango lija. Anakalipa kuti chibadwire sanaonepo chipongwe chotere, munthu safupikitsidwa kuti akwane m'manda, manda ndiwo amatsata munthu. Anasankha malo abwino, nagoneka bango moyenera, nalanda khasu, nalemba ngodya zinayi zowongoka, n'kutema pakati kamodzi, kawiri, katatu, kuti mayi wopusayu aone mmene amachitira anthu.

Potema kachinayi khasu linaima m'mwamba. Mdzukulu aliyense amadziwa kuti wotema manda sawasiya, chifukwa manda osiyidwa kukamwa amaitana munthu wa m'nyumba mwa wowasiyayo, ndipo m'nyumba mwa Chipwaila munatsala Nasoko yekha. Nkhalambayo inatsitsa khasu pang'onopang'ono, n'kukolokosa phula m'makutu onse awiri.

"Wandikola, mayi iwe."

"Ndakukolani, bambo. Mudzandikalipire mawa, lero dzuwa likuthamanga."

"Ndi ndani?"

"Kamtedza, mwana wa Nagama. Amatungira nkhalamba madzi."

Chipwaila anatsamira khasu. Kenaka anati akumukumbukira, chifukwa manda a bambo ake anakumba ndi iyeyo, ndipo tsiku limenelo kamwanako kanamukakamira mwendo kumufunsa ngati pansipo pali bulangete. Anatola bango naliimika pambali pake, naliyang'ana kuchokera pansi mpaka pamwamba.

"Wanga anali wotalikirapo ndi chikhatho chimodzi," anatero, ndipo anayamba kukumba.

Kulira kwa khasu la kumanda kumamveka mosiyana ndi kwa kumunda, ndipo mdzukulu amakuzindikira ngakhale ali m'tulo. Posakhalitsa anafika mdzukulu wina wa Anguluwe, nati wabwera kudzatenga nkhalambayo isanapalamule kwa amfumu. Anaima pamphepete, naona mkulu wake akupuma movutika, n'kunena kuti angomulandirako pang'ono kuti apite msanga. Wachiwiri anabwera kudzatenga woyambayo. Dzuwa lisanakwere kwenikweni anali asanu ndi mmodzi, onse obwera kudzaletsa, onse ali ndi dothi mpaka m'maso.

Chinatsala n'kukatenga mtembo, ndipo pachipata cha Anjiri panali mikondo. Likongwe anathamanga patsogolo. Anayamba wadzera kwa mfumu ya Anguluwe n'kuiuza kuti Anjiri agonja, alira mpaka kupempha makasu, ndipo mfumu yanzeru imalola adani ake aione chifundo chake. Kenaka anafika kwa mfumu ya Anjiri n'kuiuza kuti Anguluwe agonja, akubwera opanda mkondo kudzagwira ntchito ya dothi, ndipo kuwalasa kungakhale kutaya ulemu umene wadzibweretsa wokha. Mafumu onse awiri anakondwa kwambiri, aliyense n'kuitanitsa mowa.

Koma anyamata a pachipata sanali okhutira, poti ena mwa iwo anali ndi abale amene anaphedwa. Likongwe anathyola masamba aawisi n'kuwayala chopingasa panjira, chizindikiro cha maliro chimene mudziwo unali usanachione chiyambire nkhondo. Munthu sadutsa masamba amenewa ndi chida m'manja. Anyamata aja anazengereza, nagoneka mikondo pansi, koma pafupi, poti dzanja lingafike. Pamenepo azimayi aja ankavomera nyimbo anabwera, ndi ena ambiri pambuyo pawo, n'kukhala pa mikondoyo, aliyense pa mkondo wa mwana wake, n'kuyala nsalu bwinobwino. Palibe mnyamata amene analimba mtima kuuza mayi ake kuti anyamuke.

Adzukulu analowa dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Fisi anali ataimirira kale pakhomo pa siwa, nyumba ya maliro ija, akutambasula mphasa yake. Chipwaila anamukumbutsa kuti chilichonse chimene adzukulu achipeza pasiwa ndi chawo, namulanda mphasayo n'kuiponya pamoto. Fisi anati anangobwera kudzapepesa, ndipo anachoka chambuyo, misozi yake ya tsiku limenelo ili yeniyeni.

Nagama anali chikhalire pakhomo. Anakweza maso naona Nguluwe itaima patsogolo pake, ndipo palibe ankadziwa chimene chichitike, chifukwa mkondo umene unapha Kamtedza unasulidwa kwa Anguluwe. Mwambo umati mdzukulu afike ndi nthabwala, kuti namfedwa akumbukire kuti kunja kukadali moyo. Chipwaila anayesa.

"Make Kamtedza, mwatiitana mochedwa chonchi, nkhuku yathu mwabisa kuti?"

Mawu anamuthera pa nkhuku pomwepo. Nagama anaseka kamodzi, kuseka kwa munthu amene sanadye masiku atatu, kenaka anabuma maliro, ndipo mudzi wonse unabuma naye poyera. Anasuntha pakhomo paja kuti adzukulu alowe.

Anamusambitsa Kamtedza, namukulunga m'mphasa yatsopano, namunyamula bwinobwino osamugwedeza. Anjiri anatsatira pambuyo, ndipo kumanda anapeza Anguluwe ena ataima chapatali, obwera kudzaona kugonja kwa adani awo. Nagama anaimbanso nyimbo yake, koma pamalo pa funso lija anaika mawu ouza mwanayo kuti nyumba yapezeka, alowe, mphepo simupezanso. Anakwirira, naumba mtumbira, Chipwaila akuwongola m'mbali ndi manja ake.

Chomalizira pa maliro ndi kuthyola bango la muyeso n'kulisiya pamtumbira. Chipwaila ataligwira kuti athyole, Nagama anagwada patsogolo pake n'kugwira nsonga yake. Izi sizinali m'machenjera a Likongwe, ndipo iye yemwe anadabwa.

"Bambo a Gwedeza, ndamva kuti wanu sanayezedwe."

Chipwaila anapukusa mutu.

"Anali wotalika bwanji?"

Nkhalambayo inangoimika bango lija, n'kusanjika chikhatho chake pamwamba pake.

Nagama anatembenuka kuyang'ana amuna a mudzi wake. Maliro n'kulirana, ndipo panalibe amene sanamvetse chimene maso akewo ankapempha. Mkulu wa adzukulu a Anjiri, amene anali asanagwire khasu la kumanda chiyambire nkhondo, anatuluka pagulu, nalandira bango, nalumikiza kamtengo kotalika chikhatho chimodzi. Anzake analandira makasu m'manja mwa Anguluwe. Ena anapita kukadula thunthu la nthochi, limene amaika m'malo mwa munthu amene mtembo wake sunapezeke. Likongwe anathamanga kukatenga Nasoko, ndipo ulendo umenewu sanafunike kunama.

Anjiri analemba manda pambali pa Kamtedza n'kuyamba kukumba. Chipwaila ankazungulirazungulira, manja akumuyabwa, mpaka anawerama kuti atole khasu limene linali pansi. Mkulu wa adzukulu a Anjiri analiponda ndi phazi, namugwira paphewa mofatsa.

"Khalani pansi, bambo a Gwedeza. Lero ndinu anamfedwa."

Chipwaila anakhala pansi, manja ali pamiyendo, kwa nthawi yoyamba pamanda alionse. Nasoko anafika ali ndi mbale yake yovundikira, poti anamupeza akupatula gawo lija. Anayang'ana dzenje, nayang'ana thunthu la nthochi litakulungidwa m'mphasa, osamvetsa. Ndiye Nagama, ndi mawu ake otheratu aja, anayambitsa nyimbo ija kuyambira pachiyambi, kufunsa amene adzamangire mwana nyumba, ndipo pothera pake anatchula dzina la Gwedeza kawiri. Nasoko anatula mbale pansi, nagwera m'manja mwa Nagama, ndipo analira mwana wake.

Mafumu aja sanagwirane chanza chaka chimenecho, aliyense ankati wapambana ndi iyeyo. Koma nyumba iliyonse imene Fisi anaidyera munthu inabwera ndi thunthu lake la nthochi, Anjiri kukumbira Anguluwe, Anguluwe kukumbira Anjiri, ndipo mpaka mvula kugwa panalibe dzanja lopuma loti n'kugwira mkondo.

Yanga yathera pamtumbira pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule isanapserere.